Nzama za Anganga

Kawale, Lilongwe
13 Okutobala 2024

Mlongo wanga Yakubu,

Assalaamu alaikum. Ndikhulupirira unafika bwino ku Limbe ndipo mwendo uja wasiya kutupa. Kuno tadzuka. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri chiikireni amayi m'manda. Ndikulemba kalata chifukwa pa foni ndimangomva liwu limodzi mwa mawu atatu alionse, pomwe nkhani iyi ndikufuna uimve yonse.

Nzama za amayi zatha. Zonse.

Ukuchidziwa chitini chabuluu chomwe ankasungiramo mbewu, m'kachipinda ka katundu. Tsiku la maliro, ine ndili m'kati ndi amayi awiri a kumzikiti tikusambitsa thupi, a Zulaikha oyandikana nafe anagogoda. Anati anthu achuluka, ndiwo sizikwana. Ndinangotulutsa dzanja pachitseko n'kuwapatsa makiyi onse asanu ndi limodzi. Ndinati, "Phikani chilichonse mwapeza." Mawu atatu okha amenewo, Yakubu.

Anapeza chitini. Anatsuka phulusa lotetezera anankafumbwe lija katatu, n'kuthira mumphika. Ine ndinadziwa Lachitatu iwe utangochoka, nditachiona chitinicho chili pathandala, chotsukatsuka, atachivundikira. Ndasesa m'kachipindamo kawiri. Ndasefa dothi la pomwe anatayira madzi. Ndapeza nzama imodzi, yofumbwa.

Iwe unadya mbale ziwiri. Ndinakuona. Unati, "Koma ndiwo izi, ngati aphika amayi."

A Zulaikha alibe mlandu. Pamaliro chilichonse cha m'nyumba ndi cha anthu, ndipo anafunsa kwa mwini makiyi. Wolakwa ndine.

Ndayenda misika inayi. Nzama zilipo zoyera, zofiira ndi zamawanga. Zakuda za diso loyera, zomwe amayi anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki, palibe amene anaziwonapo. Akolola nzamazi kokwana 59 osadumphitsa chaka, ndipo ine ndazitha tsiku limodzi iwo asanalowe n'komwe m'manda.

Chiyembekezo chilipo chimodzi. M'buku langa la munda, lomwe ndalemba kuyambira 1979, muli malo omwe mbewu inasowa kapu imodzi: sabata imene mwana wako Aliya anapita ku Durban. Ndimulembera mawa. Nzama zikapitirira pakati pa Januwale zisanadzalidwe sizibereka, ndiye tili ndi masiku 94.

Aliya usamuuze za chitini. Anakulira m'manja mwa amayi, ndipo maliro sanawaone. Zimukwanira zimenezo.

Ndine mlongo wako,
Zaituni

*

Kawale, Lilongwe
14 Okutobala 2024

Mwana wanga Aliya,

Assalaamu alaikum. Uli bwanji kumeneko, ndi ntchito ya utelala ikuyenda? Kalatayi yabwera ndi Che Idrissa onyamula katundu aja.

Bambo ako anakuuza pa foni kuti Anganga atisiya. Ine ndikuuza mwadongosolo. Lamulungu pa 6 Okutobala anaswali m'mawa atakhala pansi, monga ankachitira zaka zinayi zapitazi. Anapempha tiyi. Anamwa theka. Ndinapita kukathira madzi nkhuku, pobwerako ndinapeza atatsamira khoma, kapu ili bwinobwino pambali, sinatayike. Tinawaika tsiku lomwelo itatha swala ya masana.

Asiya ana awiri amoyo, adzukulu 19 ndi zidzukulutudzi 23. Pamaliro panabwera anthu 312, osawerengera ana. Anabwera ngakhale amayi ogulitsa tomato a ku Chinsapo, omwe ankawatcha "a ku Mozambiki" kwa zaka makumi anayi ngati alibe dzina. Analira kuposa ife. Arobaini, sadaka ya masiku makumi anayi, idzakhala pa 15 Novembala.

Tsopano ndili ndi mafunso atatu, ndipo ndikufuna mayankho oona.

1. Pa 9 Julayi 2019 m'chitini cha Anganga munali makapu 11 a nzama za mbewu. Pa 16 Julayi munali makapu 10. Iwe unakwera basi pa 14. Kodi ukudziwapo kanthu?

2. Ngati ukudziwa, nzamazo unazitani?

3. Zili kuti panopa?

Yankha msanga. Usazengereze.

Ndine azakhali ako,
Zaituni

*

Limbe
2 Novembala 2024

Achemwali,

Wa alaikum salaam. Mwendo uli bwino, wangotsala ukali wa akazi anga.

Mwana wanga mwamutani? Waimba Lachisanu akulira, akuti azakhali amulembera ngati apolisi, mafunso a manambala, madeti ndi zonse. Akuti Anganga sanazizire n'komwe m'manda inu mwayamba kale kumuzenga mlandu wakuba. Ndamufunsa kuti waba chiyani, wangodula foni. Za chitini sindinamuuze, poti munandiletsa. Koma Achemwali, munapuma ntchito ya uhedi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ife si Sitandade 5.

Kunena zoona, nzama ndi nzama. Gulani zamawangazo mudzale, zidzabereka. Ine nzama zakudazo ndimazikumbukira kumbuyo kwangaku. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinatapako pang'ono kuti ndikasewerere bawo, amayi anandithamangitsa ndi chikwapu kuchokera pakhomo mpaka pampopi wa anthu onse, akukuwa m'Chiyao, Kawale yense akuseka. Ndiye ngati ndinadya mbale ziwiri, ndangobweza chipongwe.

Osadzizunza, Achemwali. Mwachepa thupi, ndinakuonani.

Mpunga wa arobaini ndibwera nawo ine. Mundiuze kuti tikuyembekeza anthu angati. Ndikudziwa kuti mwawerenga kale.

Mlongo wanu,
Yakubu

*

Durban
6 Novembala 2024

Azakhali,

Wa alaikum salaam. Ndili bwino m'thupi. Kalata yanu ndinailandira pa 22 Okutobala ndipo ndakhala nayo masabata awiri. Ndayamba kuyankha kanayi n'kung'amba.

Inde, ndinaba ndine.

Linali dzulo lake la ulendo. Inu munapita kukandigulira buledi wa pa njira, Anganga anali panja akusankha masamba. Ndinalowa m'kachipinda kukatenga chikwama, ndinapeza chitini chili chosatseka bwino. Sindinaganize. Ndinatapa kapu imodzi n'kuthira m'sokosi. Ndinkaopa kwambiri kumene ndinkapitako, Azakhali, ndipo ndinkafuna chinthu chapakhomo chomwe sichingathe ngati buledi. Kupempha sindikanatha. Mukudziwa mmene ankanenera: "Mbewu iyi sidyedwa, sigulitsidwa, siperekedwa." Potsanzikana anandigwira kumaso ndi manja onse awiri n'kundiyang'ana nthawi yaitali, sokosi ili m'chikwama changa. Ndinkati ndidzawauza ndikadzabwera. Zaka zisanu ndinkati ndidzawauza.

Funso lachiwiri. Ndinadzala. Kuseri kwa chipinda chomwe ndimakhala kuli kamzere ka mchenga m'mbali mwa mpanda. Eni nyumba ankati ndikudzala udzu. Chaka choyamba zinabereka pang'ono, koma chaka chino ndinakolola makapu anayi.

Funso lachitatu. Zili pano m'botolo, ndipo sindikutha kuziyang'ana. Dzinja lino sindinadzale. Ndaganiza chochita. Pa 15 Novembala, inu mukuchita arobaini kumeneko, ine ndiphika zonse ndigawire amayi a kwathu omwe timaswali nawo kuno, ikhale sadaka ya Anganga. Zakuba zithe, ndisatsale nayo ngakhale imodzi. Mbewu yeniyeni ili ndi inu m'chitini, m'manja moyenera, ndiye palibe chotayika.

Mundikhululukire, poti woyenera kundikhululukira wapita.

Mwana wanu,
Aliya

*

Kawale, Lilongwe
21 Novembala 2024

Aliya mwana wanga,

Moni wake ndi womwewu. Kalata yako yafika lero. Galimoto ya Che Idrissa inakhala pachipata cha m'malire masiku asanu ndi anayi. Arobaini inapita masiku asanu ndi limodzi apitawo. Bambo ako akuimbira kasanu ndi kawiri ine ndili pambali pawo, foni yako sikupezeka.

M'chitini mulibe kanthu, Aliya. Nzama zonse zinaphikidwa tsiku la maliro, ndipo makiyi ndinapereka ndine. Ndinauza bambo ako kuti ndikukubisira pokumvera chisoni. Bodza. Ndinkachita manyazi. Zaka 39 ndakhala ndikulanga ana otaya makope, ndiye ndikanayamba bwanji kuuza mwana kuti ndataya ine? Ndinakufunsa mafunso atatu ngati mayeso, pomwe ndikanangolemba mzere umodzi: mwana wanga, ndikupemphera kuti unaba.

Ngati waphika, waphika. Usadziimbe mlandu. Koma pali zinthu ziwiri zomwe uyenera kudziwa, ndipo ndatsala ndine ndekha wozidziwa.

Choyamba. Mu 1965 nkhondo itafika kwathu kufupi ndi Lichinga, amayi awo a Anganga anakana kuthawa. Anati iwo safera m'dziko la eni. Anganga anadziwa kuti akatsanzika, mayi awo alira mokweza ndipo mudzi wonse udziwa. Anadikira kuti apite kumtsinje, analowa m'nyumba mwawo, anatapa nzama dzanja limodzi, anazipinda m'mphepete mwa nsalu yawo n'kusoka. Sanatsanzike, ndipo sanaonanenso. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinayenda masiku asanu ndi anayi m'tchire. Tinanyamuka asanu, tinafika ku Namwera anayi. Mng'ono wanga Aminah tinamusiya pansi pa mtengo wa msuku. Njala inatipweteka, ndipo ndinkazimva nzamazo zikundigunda m'mutu ndikagona pamiyendo pawo. Ndinalira kuti aphike. Anakana. Titafika anadula ulusi n'kundiuza kuti ndiwerenge, kuti ndisiye kulira. Zinali 63. Ndicho chinthu choyamba chomwe ndinawerengapo pa moyo wanga, ndipo sindinasiyenso.

Bambo ako anabadwira kuno, n'chifukwa chake amati nzama ndi nzama. Anganga ku Mozambiki analibeko chithunzi, kalata, kapena manda oti akaoneko. Anali ndi nzama. Titasamukira ku Lilongwe mu 1974 anatsatira agogo ako aamuna ndi ana, mphika umodzi ndi chitini. Asanadziwe n'komwe njira ya kumsika anali atapeza kale kamunda ku Chinsapo.

Chachiwiri. Pa 16 Julayi 2019 nditayeza mbewu ndinapita kukawauza kuti kapu imodzi yasowa, mwina ndi khoswe. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Iwe Zaituni, khoswe ameneyo wakwera basi. Musiye." Ndinati ndiye ndikulembere. Anati, "Ukamulembera abweza. Ine ndinapempha kwa ndani?" Chitini chija sichinatseguke chokha, Aliya. Anatsegula okha, n'kupita kukakhala panja ndi masamba.

Ankadziwa. Sanakukwiyirepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikanakuuza kale.

Azakhali ako,
Zaituni

*

Durban
8 Disembala 2024

Azakhali okondedwa,

Assalaamu alaikum. Khalani pansi kaye, mumwe madzi, kenako muwerenge.

Foni anandisolola m'minibasi pa 12 Novembala, n'chifukwa chake simunandipeze. Kalata yanu ndailandira dzulo. Ndaiwerengera pamakina osokera, ndalira mpaka abwana anandiuza kuti ndipite kunyumba ndisanyowetse nsalu za makasitomala.

Ndinaphika, Azakhali. Amayi asanu ndi atatu anadya, tinawapemphereranso Anganga. Koma mverani. M'mawa wa tsikulo ndinakhuthulira nzama zonse m'thireyi kuti ndichotse timiyala. Maganizo anali ku Kawale. Nditadzidzimuka ndinapeza kuti pambali pali kapu, ndipo m'kapumo muli nzama zonse zazikulu, zosalala, za diso looneka bwino. Manja anasankha okha. Si mmene ankatichitira chaka chilichonse tikakolola? Ankatikhazika pamphasa n'kumati, "Mbewu kaye, mimba pambuyo," ndipo ukaponya yabwino mumphika ankakumenya pa dzanja ndi chipande. Ndinainyamula kapuyo kuti ndithire mumphika monga ndinalonjezera. Ndinaimirira nayo mpaka madzi anawira. Ndinalephera. Ndinaibisa pamwamba pa kabati n'kudziuza kuti ndine wakuba kawiri.

Ndiye zilipo.

Zina ndadzala lero m'mawa m'mbali mwa mpanda, ngakhale ndachedwa. Zotsalazo zikubwera. Che Idrissa akupatsani chitenje chobiriwira. Ndawauza kuti ndi mphatso ya azakhali, asachiike pansi pa katundu wolemera. Musachichape. Muyang'ane m'mphepete.

Sindinawerenge. Ndakusiyirani inu.

Funso langa ndi limodzi lokha, lopanda nambala: Anganga anasekadi mpaka kutsokomola?

Khoswe wanu,
Aliya

*

Kawale, Lilongwe
12 Januwale 2025

Aliya mwana wanga,

Wa alaikum salaam. Tadzuka bwino, ndipo ndikunena zoona. Ndayambanso kudya. A Zulaikha akuti masaya abwerera.

Yankho la funso lako: anaseka, anatsokomola, ndinawapatsa madzi, anamwa, anayambiranso kuseka.

Chitenje chinafika pa 23 Disembala. Che Idrissa anadandaula kuti telala wake ndi wosadziwa ntchito, mphepete mwake muli mabampu. Ndinawathokoza, ndinatseka chitseko, ndinayala mphasa. Unasoka molimba kuposa Anganga. Lezala linandithera mphindi makumi anayi. Pamene yoyamba inagwera pamphasa, yakuda, diso loyera likundiyang'ana, ndinakhalanso mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinawerenga katatu chifukwa maso ankachita chifunga. Zinali 187. Anganga anayamba ndi 63. Ukachulukitsa katatu n'kuchotsapo ziwiri upeza nambala yathu. Ndiye sitinasauke.

Ziwiri zinasweka pa njira. Pa 28 Disembala, mvula itagwa masiku atatu otsatizana, tinadzala 170 ku Chinsapo, pamizere yawo yomwe ija ya kufupi ndi mtengo wa mango. A Zulaikha ndinawauza zonse. Anakhala pansi m'matope, anati, "Mayi hedi, ndiye ndinaphika Mozambiki yense?" Anakakamira kuti adzale nawo. Phando lililonse ankati, "Pepani agogo, pepani agogo," mpaka amayi a munda woyandikana nawo anafunsa ngati tikuika maliro ena. Makiyi sakufunanso kuwaona. Akuti ngakhale nyumba itapsa, iwo adzangoima panja n'kumakuwa.

Dzulo ndinapita kukaona. Zamera 163. Ndinayenda mzere ndi mzere, kenako ndinakhala pamwala pomwe ankapumira paja. Chiikireni maliro ndinali ndisanawalire bwino amayi anga, mutu unali ku chitini. Dzulo ndawalira, kenako ndinazula udzu.

Nzama 15 ndinazisunga m'chitini ndi phulusa, kuopa kuti mvula ingadule. Bambo ako anabwera Lachisanu, akuti kudzaonetsa mwendo kuchipatala. Ndinawatengera kumunda. Anaima manja m'thumba n'kunena kuti, "Nzama ndi nzama, Achemwali, koma izi zamera bwino." Ndinawauza za ulendo wa masiku asanu ndi anayi, ndi za Aminah, zomwe amayi sankafuna kuti mwana wobadwira pamtendere azisenze. Pobwerera m'minibasi sananene nthabwala ngakhale imodzi, ndipo iwe ukuwadziwa bambo ako.

Lero m'mawa asananyamuke ndinalowa m'kachipinda, ndinamasula chivundikiro cha chitini, ndinapita kukathira madzi nkhuku. Nkhuku zisanu ndi imodzi sizitenga nthawi, koma ndinakhala komweko mphindi khumi ndi zisanu. Anatsanzika mwachangu, dzanja limodzi lili m'thumba la jekete, anandipatsa moni ndi lamanzere.

Ndayang'ana. Zatsala zisanu ndi zinayi.

M'buku ndalemba kuti: 12 Januwale, zasowa zisanu ndi imodzi, khoswe wakwera basi ya ku Limbe. Usawafunse.

Azakhali ako,
Zaituni